Mabatire Awiri M'chitini cha Mabatani

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Ine ndilipo. Bondo limavuta m'mawa, koma mawailesi a anthu ndikukonzabe pang'onopang'ono.

Wandifunsa katatu za nyimbo zimene amayi ako anajambula asanatisiye, ndipo katatu konse ndakuyankha kuti ndikuzikonza. Sindinakuuze zoona. Lero ndikuuza.

Ukuikumbukira maikolofoni ija unawatumizira atayamba kudwala. Ya mtundu umenewu siigwira ntchito popanda magetsi, ndipo magetsiwo amayenda m'waya womwewo wa mawu, kuchokera m'kabokosi kokuzira mawu. Kabokosiko ndinapanga ndekha, m'chitini chimene amayi ako ankasungamo mabatani. Anandipatsa monyinyirika, mabataniwo n'kuwakhuthulira m'mbale.

Kapepala kamene kanabwera ndi maikolofoniyo kanati imafuna magetsi a mphamvu ya mavolti 48. Ine ndinaika mabatire awiri a mavolti naini, poti m'chitinimo munkangokwana awiri. Onse pamodzi ndi 18. Nditayesa, mawu anga anamveka, ndipo ndinati zatheka. Amayi ako anandifunsa ngati ndawerenga kapepalako. Ndinawayankha kuti munthu amene wakonza mawailesi zaka makumi atatu saphunzitsidwa ndi kapepala. Anaseka, nati chitini chawo chagwa m'manja mwa munthu wosamva.

Anaimba masabata atatu, masana akapezako mphamvu, atakhala pampando wa pawindo uja. Sankalola kuti tibwereze kumvetsera. Ankati mawu a munthu wodwala adzamvetsere ndi otsala. Inenso sindinakakamire. Ndinkangoona kanyale ka pa kabokosiko kakuyaka, mtima n'kukhala pansi.

Ndinamvetsera patatha mwezi chiwaikire m'manda. Mawu awo ali kutali, ngati akuimbira kuseri kwa khoma, ndipo pamwamba pake pali phokoso ngati la mvula pamalata. Akakweza, pamene paja iwe unkati thupi limachita tsemwe, mawuwo amang'ambika. Maikolofoni inali ndi njala, mwana wanga, ndipo woimana ndinali ine.

Ndinapita kwa mnzanga uja woyendetsa zokuzira mawu m'maholo. Anandiuza kuti zilipo maikolofoni zina zolola mavolti 12 kapena 24, koma yathuyi imafunadi 48, ndipo ikaperewera ndi anayi okha imagwirabe bwino. Anati mabatire asanu akanapereka 45, ndipo zikanakwana. Atatu okha oonjezera, ndi chitini chokulirapo. Ndinangomuthokoza n'kubwerera.

Kabokosi ndapanganso kena, ndipo ndayeza magetsi ake ndi mita kangapo. Tsopano maikolofoniyo imagwira ngakhale kudontha kwa mpopi wa kukhitchini. Ndimaiyatsa, n'kumvetsera nyumba ili zii, n'kuizimitsa.

Sindinafufute kalikonse. Undiuze ngati ukufuna ndikutumizire momwe ziliri. Ndipo ndikupempha, ngati ungathe kubwera ana akatsekera sukulu, udzakhale pampando uja. Nyimbozi umazidziwa zonse. Ndidzakuika zomvera m'makutu, uzidzawatsatira amayi ako poimba, ndipo pamene mawu awo ang'ambika iwe udzawanyamule, kuti adzukulu adziwe mmene nyimbozo zimathera. Ngati wandikwiyira, usandibisire. Anali amayi ako, ndipo mawuwo anasiyira iwe.

Pali malo amodzi okha omveka bwinobwino. Tsiku loyamba anawerama mpaka pakamwa kufika pa maikolofoni, osadziwa kuti ndayamba kujambula, n'kundifunsanso motsitsa ngati kapepala kaja ndakawerengadi. Pamenepo amamveka ngati ali m'chipinda muno. Ndimabwereza pomwepo kawirikawiri, ndipo tsopano ndimawayankha kuti ndawerenga.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo anawo uwauze kuti agogo awasungira mabatani odzadza mbale oti adzaseweretse.

Ndine,
Bambo ako