Buku la Mfuti Limene Ndinabisa Pansi pa Matiresi

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Esinta wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Dubai, m'kachipinda kanga ka kuseri kwa khitchini. Ana a bwana apita kusukulu, zovala zikuzungulira m'makina, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za kumudzi, ngakhale kuti inuyo muli pafupi ndi mudziwo kuposa ine. Patha chaka ndi miyezi iwiri chikuikireni m'manda, koma mpaka lero Lamulungu likafika chala changa chimafunabe nambala yanu pafoni.

Ndiyambe ndi zabwino, poti ndi zochepa. Mng'ono wanga Aginesi anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Pachithunzi mphuno ndi yanu yeniyeni. Akuti akayamba kulira sasiya mpaka mudzi wonse umve maganizo ake, ndiye dzinalo silinalakwike. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Watipulumutsa ndi mtedza. Mbuzi yanu yamawanga ija anaiba, ndipo denga likudonthabe pamalo pomwe paja munkatcherapo beseni.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya mdzukulu wanu Limbani, mwana wanga amene munkandilerera ine ndikulera ana a eni kuno. Amayi, Limbani ali m'chipatala. Ali moyo, ndinene zimenezo msanga. Koma dzanja lake lamanja latsala ndi zala ziwiri, ndipo za diso lamanzere madokotala sakulonjeza kanthu. Yamuphulikira mfuti yopanga yekha.

Ndikudziwa kuti liwu limenelo simunkalilola pakhomo panu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mfuti ya gogodela inawaphulikira Abambo kumunda akuthamangitsa nguluwe. Munatola zitsulo zotsalazo, kuzimanga pachitenje, n'kukaziponya m'chimbudzi. Pobwerera munati, “Pakhomo pano chinthu chimenechi chatha, ndi dzina lake lomwe.” Mwana akatola phesi n'kulozetsa mnzake, munkamulanda n'kulithyola pabondo. Limbani atafunsa kuti agogo ake aamuna anamwalira ndi chiyani, munayankha kuti malungo, ndipo tonsefe tinavomera kuti malungo.

Koma mwanayu anachita kubadwa nacho. Mukukumbukira timfuti tadothi ndi tamawaya timene munkatipeza kuseri kwa nkhokwe? Inu mutapita, panalibenso womulanda. Foni imene ndinamutumizira kuti azindiimbira ndi imene inasanduka mphunzitsi wake. Mu Meyi Aginesi anandiuza kuti mnyamatayu akumangokhalira kuonera mavidiyo a anthu opanga mfuti okha, ndipo wayamba kuzungulirazungulira kwa owotcherera zitsulo kumsika. Ndinamukalipira pafoni. Iye anangoti, “Musadandaule Amayi, ndimangoonera, ndikufuna kudzalowa usilikali.” Ndinadziwa kuti akunama chifukwa ulemu unachita kuchuluka.

Bwana wanga kuno ku Jumeirah Village Circle ndi munthu wokonda mfuti, ngakhale kuti m'nyumba muno mulibe ngakhale imodzi. Kuno boma silisewera nazo. Amapita kukalabu Loweruka, amakawombera mapepala, n'kuzisiya komweko. Zimene zili m'nyumba ndi mabuku ndi magazini, shelefu yathunthu, ndipo wopukuta fumbi ndine. Zaka zitatu ndinkapukuta nkhope nditatembenuzira kumbali, ngati kuti mwaima kumbuyo kwanga. Nditamva za Limbani ndinayamba kutsegula. Ndinaganiza kuti ngati mwanayu sangaleke kufunafuna za mfuti, bola awerenge zolemba munthu wa nzeru zake, osati za anyamata obisa nkhope a pafoni aja.

Kusankha kwake kunali kovuta kuposa kusankha nyemba zofumbwa. Magazini ambiri ndi okongola, mapepala ake oterera, mfuti atazigoneka pansalu ngati mphete za ukwati. Ukawerenga, ndi msika chabe: gula iyi, yaposa ija. Ena ndi a azibambo odzitama, phazi lili pa nyama yakufa, mano onse pamtunda. Ndikanamutumizira amenewo ndikanangomukolezera moto. M'buku lililonse ndinkafunafuna tsamba limodzi lokha lonena za munthu amene anavulala, koma ndinatsegula mpaka zala kuda osapeza wotuluka magazi.

Tsiku lina masana bwana anandipeza nditakhala pansi, magazini awo ali mbwee kundizungulira. Mumtima ndinati khalas, monga amanenera Aluya kuno, ntchito yatha. Ndinawauza zoona zonse, kuyambira za Abambo mpaka za owotcherera. Sanakalipe. Anakankhira pambali okongola onsewo, natulutsa kabuku kakale, kachikuto kong'ambika m'mbali. Anati buku la mfuti uziliona ndi chimene layamba nacho. Likayamba ndi kukongola kwa mfuti, walemba ndi wogulitsa. Likayamba ndi mmene mfuti imaphera mwini wake, walemba ndi munthu amene anaikapo mnzake m'manda. Anatinso ndizionetsetsa ngati wolembayo wadzitchula kuti ndi ndani ndipo anagwirapo ntchito yanji, chifukwa wobisa dzina sadzabwera kumaliro.

Kabukuko mutu wake woyamba ndi wa ngozi zokhazokha. Mutu wachitatu ukufotokoza chifukwa chake chitsulo wamba sichipirira mphamvu ya wonga, ndipo pali chithunzi cha paipi yong'ambika ngati nthochi yosenda. Ndi mmene chinkaonekera chitsulo chija munamanga pachitenje. Kenako bwana anandiika kabukuko m'manja n'kunena kuti, “Tenga, yalla, fulumira, tumiza lero lomwe.”

Sindinatumize, Amayi. Ndinakabisa pansi pa matiresi. Ndikati ndikatulutse, ndinkakaona kakulowa pakhomo panu, kakukhala patebulo pamene pankakhala Baibulo lanu, inu mutangotha chaka chimodzi chokha kumanda. Ndinkadziuza kuti akalandira buku la mfuti kuchokera kwa mayi ake, aziti ndamuloleza. Ndinkati ndiyambe ndapemphera, ndinkati sabata yamawa. Ndikanatha kungojambula mutu wachitatuwo ndi foni n'kumutumizira madzi a tiyi asanawire. Ngakhale zimenezo sindinachite. Masabata asanu anatha ndikugonera kabukuko.

Pomaliza ndinakapereka kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wokhala ku Al Nahda, amene ankapita kumudzi kutchuthi. Ndinamupatsa Lamulungu, ndege yake inali ya Lachinayi. Lachiwiri m'mawa, ndikuveka nsapato mwana wamng'ono wa bwana, Aginesi anandiimbira akulira. Ndinamaliza kumanga zingwe za nsapatozo, mbali zonse ziwiri, kenako ndinapezeka ndakhala pansi pakhomo osadziwa kuti ndakhala nthawi yanji.

Akuti Limbani anatsikira kudimba yekha ndi mfuti yakeyo. Anthu othirira tomato anamva kuphulika, ndipo anamupeza atakhala mumzere akuyang'ana dzanja lake, osalira n'komwe. Anamutengera kuchipatala pa kabaza. Apolisi afikako kale kawiri, akudikira kuti atuluke, chifukwa kupanga chinthu chimenechi ndi mlandu ngakhale wovulalayo utakhala iwe mwini. Kabuku kanafika Loweruka. Aginesi anakalandira pageti la chipatala, atabereka kumbuyo mwana wa dzina lanu uja.

Ndakukwiyirani, Amayi. Ndilembe poyera, poti muli moyo sindinakuyankhenipo ngakhale tsiku limodzi. Ndikudziwa zimene maso anu anaona kumunda kuja, ndipo ine sindinatsalepo ndi ana anayi ndi khasu limodzi kuti ndikuweruzeni. Munkatitchinjiriza m'njira imene munkaidziwa. Koma chimene tinakana kumuuza pakhomo anakachimva kwa anthu osamudziwa ngakhale dzina, ndipo iwowo anamuuza theka lokoma lokha. Komabe amene ndamukwiyira kwambiri ndi ineyo. Inu bukulo munalibe. Ine ndinali nalo, ndipo ndinaopa munthu wakufa kuposa mmene ndinaopera kutaya mwana wamoyo. Pepani, mawuwa ndi owawa, koma sindiwafufuta.

Kuno moyo ukungoyenda ngati palibe chachitika. Ndikusita, ndikukolopa, ndikukatenga ana pabasi. Shelefu ija ndikupukutabe Lolemba lililonse. Bwana akumandiyang'ana ngati akufuna kufunsa kuti kabuku kananyamuka liti, koma ndi munthu waulemu, sanafunse.

Wafunsa ndi Limbani. Dzulo masana ndinalankhula naye kwa nthawi yoyamba chivulalireni. Mawu ake anali otsika, ngati a munthu wamkulu amene sindikumudziwa. Anati amayi ake aang'ono akumamuwerengera kabukuko pang'onopang'ono ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka, iye n'kumawakonza, poti diso lotsalalo limatopa msanga. Anati afika pa mutu wachitatu, ndipo anapempha kuti awerenge kawiri. Ndiye anati, “Amayi, bukuli munalipeza liti?”

Ndinatsala pang'ono kunena kuti sabata yatha. Palibe akanandigwira, Aginesi sakudziwa, mayi wa ku Al Nahda uja sakudziwa. Koma ndinamuuza kuti masabata asanu ngozi isanachitike, ndipo ndinamuuza pamene linali nthawi yonseyo. Ndinayembekezera kuti akalipa, kapena adula foni. Ndinkafunanso kuti mwina anene kuti zilibe kanthu, sakanamvera. Iye anangopuma mozama n'kunena kuti, “Ndikanawerenga, Amayi. Chilichonse chonena za mfuti ine ndinkawerenga.”

Titatha kulankhula ndinapita kwa bwana kukapempha tchuthi.

Bwana andilola kupita kumudzi Lachisanu. Ndikakhala pambali pa bedi lake, ndikamudyetsa mpaka ataphunzira kudya ndi dzanja lamanzere, ndipo tsiku lamlandu ndikaima naye. Ndikukulonjezani kuti ndifika kumanda kwanu kudzasesa, ndi maluwa omwe. Ndikukulonjezaninso china chimene simuchikonda: chilichonse chimene mwanayu andifunse kuyambira pano, ndizimuyankha tsiku lomwelo, ngakhale yankho lake likhale lokhudza inuyo. Mundikhululukire, monga nanenso ndikuyesetsa kukukhululukirani.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero.

Mwana wanu,
Esinta