Kolala ya Wamagalasi

Msuweni wanga,

Zimene akukuuza azakhali zoti ndimamulirabe Wamagalasi uja n'zabodza. Ndili bwino, makina osokera akuyenda, msana wokha ndiwo ukudandaula. Kaya iwe ndi ana kumeneko?

Ukukumbuka tili ku yunivesite, mmene ankandidikirira pa masitepe a laibulale, kolala itapindika, ine n'kumamukonzera anthu akuona? Masiku amenewo ndinkadzuka ndi nyimbo pakamwa. Iye anavala gauni, ine ndinabwerera kudzadwazika amayi, ndipo sindipepesa kwa aliyense.

Utelala wandiphunzitsa chinthu chimodzi: kasitomala sumuyang'ana m'maso, umayang'ana mapewa. Sabata yatha Wamagalasi analowa mushopu atanyamula nsalu ya suti ya ukwati wake.

"Aa, ndiwe? Sindimadziwa kuti umasoka pano."

Bodza lenileni, chikwangwani cha dzina langa chili pakhomo. Ndinati, "Bwana, siyani nsaluyo, mudzabwere Lachisanu."

"Osandiyeza?"

"Ndatanganidwa."

Uwauze azakhali asiye kundisakira amuna, sindinawatume. Moni kwa alamu.

Ndine msuweni wako wamakani uja.

Ndinaiwala: Lachisanu anabweradi. Sutiyo inamukwana ndendende, koma anatuluka kolala itapindika.