Kaseti ya waya mu pikapu ya ababa

Lolemba, 3 Juni

Raymond watisiya m'mawa uno kuchipatala kuboma. Mlongo wanga, mzime wa amayi. Chifuwa chija. Dzanja likukana kulemba.

Lachiwiri, 4 Juni

Thupi lili kumotchale, tikudikira amalume achoke ku Mzuzu.

Masana kunabwera akulu a mpingo ndi majekete awo. Anakhala pansi pa mango ndi ababa, amenenso ndi mkulu wa mpingo mnzawo. Ine ndinawapatsa madzi, khutu n'kulisiya pompo. Akuti Ray anali wodulidwa chifukwa anatenga Amna, mwana wa Chisilamu, popanda ukwati wa kutchalitchi. Ndiye palibe abusa, palibe kwaya, palibe nyimbo. Kapemphero kokha basi.

Ababa anangoti, "Lamulo tinalivomera tonse." Ndinalakalaka kuwakhuthulira madziwo kumaso, Mulungu andikhululukire.

Amayi sakudya. Akungofunsa khoma kuti, "Mwana wanga apite duu ngati mbuzi yofa yokha?" Mwana woti anayamba kwaya mamina ali mbwee.

Lachitatu, 5 Juni

Maliro opanda nyimbo ndi oipa. Umamva chilichonse: wina akutsokomola, wina akukanda mwendo, wina akunong'ona za mitengo ya fodya ku okushoni. Amayi a kwaya abwera ndithu, koma avala zitenje wamba, milomo atseka ngati awasoka.

Mlamu Amna anandikodola, tinakalowa m'chigafa. Fodya wa Ray akadali pomwe anamusiya, wina wosankha, wina ayi. Anatulutsa kawailesi kam'thumba kaja ka MP3, kotalika ngati chala, kamene Ray sankasiyana nako. "Alamu, tamverani." Ndinavala mahedifoni. Mayo! Ray akuimba nyimbo za m'buku, yekha, masamba a fodya akumveka tswatswa m'manja mwake. Akuti chimudulireni ankadzijambula akamasankha fodya, poti kukwaya anamuletsa.

Ndinakawaveka amayi. Analira mpaka mpango kugwa, kenako anati, "Anthu amve. Ndisamve ndekha."

Koma kalibe sipika. Maganizo anga ali pa pikapu ya ababa, poti ndiyo idzanyamule bokosi kupita kumanda, kutsidya kwa dambo. Vuto ndi loti pikapuyo ndi yakale kuposa ine. Wailesi yake imadziwa makaseti okha.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinapalasa njinga kupita ku Chulu kwa a Kassim, achimwene ake a Amna, amene amagulitsa mabatire ndi zingwe za foni. Anatseka sitolo n'kubwera nane.

Poyamba anayesa kachipangizo kobaya pachibowo choyatsira ndudu, kamene kamaponya nyimbo ku wailesi. Tinapeza m'chibowomo mavu anamangamo nyumba kalekale, moto mulibe. Ndiye anatulutsa chinthu china chimene sindinachionepo: kaseti yopanda tepi m'kati, yotuluka waya pambali. Wayayo umabaya pobaya mahedifoni, kasetiyo n'kuilowetsa mu wailesi ngati kaseti iliyonse.

Anatsuka m'kati mwa wailesi ndi thonje ndi sipiriti. Thonjelo linatuluka lofiira ndi fumbi la fodya. Titalowetsa, wailesi inameza n'kulavula. Tinabwerezanso, yalavulanso. Nkhalamba yokana mankhwala! Tinayesa kupanikiza ndi kamtengo, kanathyoka. Mapeto ake tinapeza kuti imaimba pokhapokha munthu akaikanikiza ndi chala osachotsa. Sipika yamoyo ndi imodzi, ya chitseko cha dalaivala, koma mawu a Ray anatuluka mpaka nkhuku zinadzidzimuka.

A Kassim anati, "Kwathu sitiimba pamaliro, alamu. Koma uyu kuimba ndiko kunali kupuma kwake. Tengani."

Ndisanazimitse bwino, ababa anatulukira kuseri kwa nkhokwe ndi makiyi, akupita kukatenga thupi. Anayang'ana waya uja, anandiyang'ana ine. "Chisangalalo, mawa usandichititse manyazi pamaso pa anzanga."

Manyazi! Mwana ali m'firiji, iwo akudandaula manyazi.

Lachisanu, 7 Juni

Tamuika.

Ndinakwera kutsogolo, kawailesi ndinakabisa m'chitenje. Ababa akuyendetsa pang'onopang'ono, adzukulu agwira bokosi kumbuyo, anthu akutsatira wapansi. Kumangomveka mapazi ndi injini. Titafika padambo ndinalowetsa kaseti n'kukanikiza ndi chala chachikulu.

Ray anaimba. Mzere woyamba wonse, wachiwiri mpaka pakati. Pagalasi ndinaona amayi atukula mutu, ndipo mayi wina wa kwaya anali atayamba kutsegula pakamwa. Pambali pawo, majekete aja.

Ababa anatambasula dzanja n'kuzimitsa. Thwa. "Osati pano."

Ndinayatsanso. Anazimitsanso, n'kugwira chala changa mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Kawailesi ndinakaimitsa ndi dzanja linalo, koma iwo sanandisiye mpaka tinafika.

Anamutsitsa m'manda muli zii. Dothi likamagwa pabokosi limamveka kwambiri pakakhala palibe woimba. Sindidzaiwala, ndipo sindikudziwa ngati ndidzawakhululukire.

Loweruka, 8 Juni

Atimeta. Amayi sakuwalankhula ababa. Chakudya chawo akutumiza ndi ine, ine ndikungochiika pakhomo ngati cha mlendo. Amna akulongedza, abale ake adzamutenga sabata yamawa. Wandisiyira kawailesi, koma chingwe chotchajira sichikuoneka, ndipo a Kassim akuti cha mtundu umenewo chinasiya kubwera. Moto watsala kamzere kamodzi.

Lamulungu, 9 Juni

Belu loyamba linalira, ababa ali pakhonde ndi malaya a kumunda. Lachiwiri linalira, jekete ili pamsomali. Chibadwire changa sindinawaonepo atajomba kutchalitchi, ngakhale tsiku limene anadzitema ndi nkhwangwa anapita motsimphina.

Kenako ndinamva pikapu ikulira. Anandiitana. "Kanthu kaja ukadali nako?" Ndinati katsala pang'ono kuzima. Anati, "Kawauze amayi ako. Ndi apongozi anga abwere." Aka kanali koyamba kumutchula Amna choncho.

Tinapanikizana kutsogolo anthu anayi. Tinawoloka dambo. Kumanda sulowa wamba popanda kupempha eni mudzi, ndiye anaimika m'mphepete mwa msitu, chitseko cha sipika chija n'kuchitsegula choloza kumitengo.

Ndinabaya waya, ndinalowetsa kaseti. Pamene ndimati ndikanikize, anachotsa dzanja langa n'kuikapo chala chawo, chija chakuda ndi phula la fodya. Ray anayambira pomwe anamudulira Lachisanu, pakati pa mzere wachiwiri. Amayi anamulandira ndi mawu osasa. Kamzere ka moto kanali kakuphethira.

Ababa sanaimbe. Maso ali kumsitu, chala chili pakaseti, anati, "Kweza, Chisa. Tinamuika m'katikati, sakumva."