Mchere wa M'chitini cha Paudala

Pa 9 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili moyo, koma ine madzi andifika m'khosi, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Mukukumbukira khungu langa lija, loyabwa m'zigongono ndi kumsana? Chaka chino linafika povuta. Wometa anthu akamadzikanda ali pantchito, makasitomala amayang'anana n'kukumbukira kuti ali ndi kopita. Ndinapita kuchipatala ndi mlamu wanu. Adokotala anandipatsa mankhwala opaka, kenako anafunsa mmene ndimadyera mchere. Ndisanatsegule pakamwa, mlamu wanu anayankha kuti, "Awa amathira asanalawe n'komwe." Adokotala anati mchere si umene unabweretsa matendawa, koma kwa anthu ena ukachuluka umaoneka kuti ukukolezera kuyabwa, choncho tiyese kuchepetsa kwa miyezi itatu tione.

Mlamu wanu mukumudziwa, akagwira chinthu sasiya. Mchere unachoka patebulo, ndipo mumphika ankangotsinira pang'ono. Iye ndi ana anayamba kudya ngati ine, kuti ndisavutike ndekha. Tsiku lililonse ndikasamba ankandipaka mankhwala kumsana. Kaya anali mankhwalawo kaya mcherewo sindikudziwa, koma khungu linayamba kuzizira.

Tsopano nayi nkhani yochititsa manyazi. Ndinapirira masabata awiri okha. Kenako ndinagula mchere n'kuuthira m'chitini chakale cha paudala, amene timawaza pakhosi tikamaliza kumeta munthu, n'kuchibisa kuntchito. Masana ndinkagula mazira awiri owiritsa, n'kuwaza mpaka dzira kuoneka ngati lagwa mumchenga. Kunyumba ndinkafika ndi nkhope ya munthu woyera mtima, n'kumalangiza ana kuti kudziletsa n'kwabwino. Kuyabwa kutabwerera, mlamu wanu anadziimba mlandu kuti mwina ndi sopo wochapira, mpaka anasintha sopo katatu.

Loweruka lapitali kunabwera apongozi anga, bambo ake a mlamu wanu, kudzameta ndevu. Anthu anali pamzere, ine ndikufulumira, lezala linawacheka apongoziwo pang'ono m'malo awiri pansi pa chibwano. Tsiku limenelo chitini chija ndinachiiwala pafupi ndi galasi, pambali pa chenicheni. Ndinatola, ndinawaza mowolowa manja poti ndi apongozi, n'kutikita bwinobwino ndi chikhatho.

Achemwali, mkulu uja amene amatenga mphindi zisanu kuti adzuke pampando, anadumpha ngati walumidwa ndi mavu.

"Bambo inu, mwandithira chiyani?"

"Ndi paudala watsopano, bambo. Amaluma pang'ono."

Anagwira pakhosi, ananyambita chala, n'kundiyang'ana pagalasi. "Mwana wanga miyezi iwiri akudya nyemba zosakolera chifukwa cha inu, ndiye inu mukuthira mchere ine ngati nyama yootcha?"

Anthu anaseka mpaka wina anachita kutuluka panja. Apongozi anaika chitinicho m'thumba la jekete n'kulunjika kunyumba kwanga.

Ndinkayembekezera kuti ndikafika ndipeza moto, koma mlamu wanu sanakalipe. Anangoika chitinicho pambali pa mbale yanga n'kunena kuti, "Muzithira poyera, bambo a ana. Khungu ndi lanu." Nthawi iliyonse ya chakudya ndimachipeza pomwepo, ndipo sindinachikhudzepo. Mankhwala opaka anandiikira pabedi. Lero ndi tsiku lachisanu ndikudzipaka ndekha, ndipo pakati pa msana pamene dzanja silifika ndayesa ndi rula ya mwana, koma mankhwala amangothera parula.

Komabe chikundiwawa si kuyabwa ayi. Dzulo iye atapita kukhitchini kukatenga madzi, ndinalawa mobisa m'mbale mwake, poganiza kuti tsopano wayamba kudzithirira. Achemwali, mpaka lero akudyabe zosakolera.

Pempho langa ndi lakuti mumuimbire foni, chifukwa inu amakumverani. Musandiikire kumbuyo, ndinalakwa. Ndapepesa kanayi, koma munthu amene wanama miyezi iwiri akati pepani, amangomveka ngati akupitiriza bodza. Mungomuuza kuti m'nyumba muno mwazizira, ndipo ndikumusowa ngakhale tikudyera patebulo limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ana kuno akupereka moni. Mlamu wanu akanaperekanso, koma ndinachita mantha kumuuza kuti ndikukulemberani.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Wometa