Ndere ya ku fakitale ya achali

Lachiwiri, Okutobala 2003

Tsiku loyamba ku fakitale ya achali wa mango, ndipo ndabwerako ndikuseka ndekha mutakisi. Kuseli kuli madamu olandira madzi otsukira mango, onse obiriwira ndi ndere. Poti zaka zisanu ndakhala ndikutsuka maiwe osambiramo azungu ku Fourways, konkuno ku Joni, ndinangotenga kaukonde n'kuyamba kuivuula, kuti bwana aone khama langa.

A Banda, kapitawo wathu wochokera ku Chipata, anatulukira akuthamanga. "Achimwene, bwezeranimo! Ndereyo ndi imene imadya zonyansa kuti madzi atuluke oyera. Mukaimaliza, ntchito tonse yatithera."

Ndinaibwezera ndi manja awiri ngati ndikupepesa. Sanakandinenere, Mulungu awadalitse.

Kumudzi ndiwalembera kuti kuno ku Joni ndikuweta ndere. Kaya mayi akhulupirira...