Kutisiya kwa Mayi Tembenuzani, mphunzitsi wa zaluso, malamulo ndi chuma

Kwa bambo a m'nyumba, ana, achibale ndi onse amene akhudzidwa,

Ife aphunzitsi ndi ophunzira a pa sukulu ino ya ukachenjede tagwidwa ndi chisoni chosaneneka pomva za imfa ya mayi a m'nyumba mwanu, amene tagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi, ndipo mpaka lero mitima yathu ikukana kuvomereza kuti chitseko cha ofesi yawo, chomwe chinkakhala chotsekula tsiku lonse, chatsekeka.

Malemuwa ndi amene anayambitsa phunziro lophatikiza zaluso, malamulo ndi chuma, pofuna kuti wojambula kapena wosema asamagulitse thukuta lake mwachimbulimbuli. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Tembenuzani, chifukwa wina akathamangira kutchula mtengo wa chithunzi, iwo ankamudula mawu: "Iwe, tembenuza kaye! Kumbuyoko ndiye kuli dzina la mwiniwake ndi zidindo za onse amene anachigulapo." Mayeso awonso sankathera m'kalasi ayi. Wophunzira ankapita kwa mmisiri weniweni kukamuwerengera mgwirizano wogulitsira ntchito yake, ndipo mmisiriyo akalephera kufotokoza zomwe wamva, wolephera anali wophunzirayo.

Koma phunziroli linalibe kwawo. Azamalamulo ankati n'la azachuma, azachuma ankalikankhira kwa azaluso, moti chaka chilichonse linkatsala pang'ono kuthetsedwa. Mayiwa sanatope kugogoda pa ofesi yanga, ine mkulu wa sukulu. "Achimwene," ankatero, "ana angawa muwasiyadi panjira?" Ndikuvomera poyera kuti pakati pa ozengereza, ine ndinalipo.

Mwezi watha akuluakulu a sukulu anagwirizana kuti phunziroli likhazikike. Kalata yowadziwitsa mayiwa inakhala pa tebulo langa masabata awiri osasainidwa, ine ndikuti ndidzawapatsa pamanja akatuluka m'chipatala, kuti tidzasekere limodzi. Kalanga ine, sanatulukemo.

M'malo mwa aphunzitsi, ophunzira ndi antchito onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni pa nthawi yowawitsayi. Ophunzira khumi ndi awiri amene mayi awasiya pakati pa chaka adzamaliza maphunziro awo. Limeneli ndi lonjezo lathu kwa inu. Kalatayo ndinaisaina dzulo, ndipo ndibwera nayo ndekha kumaliro. Bambo, mundikhululukire, pakuti mayi apita akuganiza kuti tinawakana.

Ine wanu pa chisonichi,
Mkulu wa Sukulu