Akumba kale manda, amuna anga akadali moyo

Aphungu,

Ndikulemba ndili pabenchi kunja kwa chipinda cha odwala mwakayakaya, pachipatala chachikulu ku Lilongwe. Amuna anga, a Ramadhani, ndi asodzi kwathu ku Chia. Masabata awiri apitawa analasidwa ndi munga wa mlamba paphazi, ife n'kumati n'zachizolowezi. Phazi linatupa, thupi linatentha, mpaka anayamba kubwebweta n'kusiya kukodza. Madokotala akuti tizilombo tinalowa m'magazi ndipo impso zaima.

Tsono awalumikiza ku makina. Magazi amatulukira pakhosi, n'kuyenda m'kapaipi koonekera mkati, n'kulowa m'makinamo, kenako n'kubwerera m'thupi. Ndimaona ndi maso angawa. Dzanja lawo n'lozizira, ndikawaitana sayankha. M'chipindamo amangolira ndi makina okha.

Tsiku loyamba ndinaimbira foni amalume awo, a Fakiri, ndikulira. Ndinati, "Magazi onse akutuluka, maso sakutsegula." Kwathu kwa Asilamu maliro sagona, ndiye iwo poopa kuchedwa anauza anthu akakumbe manda. Nsalu yokulungira mtembo ili kale m'nyumba. Lero ndi tsiku lachinayi dzenje lili chiyasamire, ndipo anthu asiya kudzera njira ya kumeneko. Akuti m'mawa uliwonse amapeza dothi la m'mphepete litagumukira mkati, ngati likuitana.

Apongozi anga anandiuza pafoni kuti, "Manda sakhala opanda mwini. Akapanda kulowamo iyeyo, atenga mwana." Mwana wathu wamkazi, Rahila, wayamba kutsokomola, ndipo anthu akumuyang'ana ndi maso achisoni.

A Fakiri akubwera Lachisanu ndi galimoto. Akuti ndisaine tiwatulutse. Mawu awo ndi akuti, "Akatsirizikire kwawo, osati m'manja mwa anamapopa ovala zoyerawo." Amuna anga ndimawakonda, koma dzenjelo ndikuliopa. Ndisaine?

S.M., Chia, Nkhotakota

Mayi S.M.,

Musasaine. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale misozi ikulepheretseni kuwerenga zotsalazi, awa mukhale mutawaona.

Makinawo sapita nawo kulikonse magazi a munthu. Akugwira ntchito imene impso zasiya: amasefa zoipa ndi madzi ochuluka, magazi n'kubwerera kwa mwini wake, uku mankhwala akulimbana ndi tizilombo. Sindikunamizani kuti achira ndithu. Matendawa ndi oopsa ndipo ena sapulumuka. Koma alipo amene impso zawo zimadzukanso, n'kubwerera kwawo akuyenda okha.

A Fakiri akafika musakangane nawo pakhomo. Pemphani adokotala awalowetse, akatsatire kapaipiko ndi maso awo kuchokera pakhosi mpaka pobwerera. Iwo mpaka pano akuopa zimene anangomva pafoni.

Za dzenjelo, imbirani ashehe lero lomwe. Iwo akudziwa bwino kuti tsiku la munthu lili m'manja mwa Mulungu, osati mwa khasu. Auze anthu akalikwirire. Ngati mtima wa apongozi sukhala pansi popanda kuikamo kanthu, madera ena amakwirira thunthu la nthochi. Akambirane ndi ashehewo, nthochi ku Chia sizisowa. Dothi la kunyanja ndi mchenga, ndipo mchenga umagumuka, ngakhale pachimbudzi chatsopano. Rahila wina apite naye kuchipatala monga mwana aliyense wotsokomola.

Lekaninso kudziimba mlandu. Inu munalira monga aliyense akanalirira, amene anathamangira makasu ndi ena.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Lachisanu adzakuuzani kuti mukakana ndiye kuti mwasankha mwamuna n'kutaya mwana. Limeneli ndi bodza, mwana wanu palibe chikumufuna. Koma mukalola kuti a Ramadhani achotsedwe pamakinapo n'kukwezedwa m'galimoto, mwina sakafika n'komwe pa Benga ali moyo, ndipo dzanja losaina lidzakhala lanu.

Aphungu